Thalakitala Yathu Sinakwere Lole

Thalakitala yathu ndi yakale kuposa atate anga. Ndi yaing'ono, yotuwa, imamwa petulo osati dizilo, ndipo mpando wake ndi chitsulo chabe chimene timayalapo saka. Agogo aamuna anaigula kwa mlimi wina wa fodya amene ankasiya ulimi. Atamwalira inakhala ya ana awo aamuna awiri, atate anga ndi akulu awo, amene ine ndimawatchula atate aakulu. Woyendetsa anali atate. Maso awo atachita chifunga mpaka kulephera kuona mzere, mpandowo anandipatsa ine. Ndinali ndi zaka makumi awiri, nditangomaliza sukulu ya kwathu ku Mphamba.

Ndinali wamanyazi. Munthu wamkulu akamandilankhula ndinkayang'ana pansi n'kumayankha kuti "yewo", mawu athu ovomera mwaulemu, ngakhale pamene sindinamvetse. Ndinkafuna kuti wina aliyense asapeze chondinenera, choncho thalakitalayo ndinkaisamala mopitirira. Ndinkaipukuta, kuifunditsa masaka, kuyang'ana oilo m'mawa uliwonse ngakhale tsiku limene sinayende.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inagwa bwino, nthaka inafewa. Kwathu munda woyamba kulimidwa ndi wa wamkulu, ndiye Lolemba m'mawa ndinapita ku munda wa atate aakulu. Thanki ndinali nditaidzaza ndi petulo amene ndinakatenga pa njinga ku boma, m'zigubu ziwiri.

Mizere itatu yoyamba inatuluka yowongoka. Pa wachinayi injini inayamba kuphonya: pa-pa-pa, phu, pa-pa, phu. Amakanika amati ikumisa. Inatsokomola, inanjenjemera mpaka chiwongolero chinandigwedeza mapewa, kenako inazima pakati pa munda.

Atate aakulu anabwera akupondaponda m'zibuma.

"Iwe, petulo unaikamo?"

"Enya, adada. Ndinadzaza."

Sanandikhulupirire. Anatsegula chivindikiro cha thanki, anachotsa kapulasitiki kamene kanali pansi pake, anaviika ndodo. Inatuluka yonyowa mpaka pamwamba. Anabwezera kapulasitikiko bwinobwino, anatseka.

"Yesanso."

Inalira nthawi yomweyo ngati sinalakwe kanthu. Ndinalima mizere ina itatu, chifuwa chija chinabweranso. Tsiku lonse linatha motero: kulima pang'ono, kuzima, atate aakulu kuviika ndodo, kuliranso. Pofika madzulo tinali titalima kachigawo kamene ng'ombe ziwiri zikanamaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Lachiwiri ndinachita zonse zimene atate anandiphunzitsa. Iwo anakhala pa kampando pafupi ndi shedi, akundiuza ndi pakamwa. Ndinamasula mapulagi onse anayi, ndinawakwecha ndi bulashi ya waya. Awiri anali ndi mwaye, koma osati wochititsa mantha. Ndinaliza injini n'kumazula waya wa pulagi umodziumodzi kuti timve ngati pali yogona. Uliwonse ndikauzula injini inkatsimphina, kutanthauza kuti onse ankagwira ntchito. Wachitatu unandimenya moto mpaka m'chigongono, ndinakuwa.

"Wapeza moto?" anafunsa atate.

"Ndaupeza."

"Ndiye ulipo. Pita kwina."

Ndinakwecha mapointi, tizitsulo totumiza moto ku mapulagi, ndi kasandipepala. Ndinamasula kagalasi ka pansi pa thanki kamene kamasefa petulo, ndinapezamo tizinyalala ndi kadontho ka madzi. Ndinasangalala, ndinati ndagwira wakuba. Ndinatsuka kabuleta, mosakanizira petulo ndi mpweya, ndinauzira ndi pakamwa m'timabowo take mpaka milomo inachita dzanzi. Nditabwerera ku munda, inalima mizere inayi n'kuzima.

Lachitatu atate aakulu anaitana makanika wa ku boma. Anabwera pa njinga yamoto, chikwama cha masipanala atachimanga kumbuyo. Anali munthu wa nthabwala, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anaizungulira thalakitalayo manja ali m'chiuno.

"Amdala, iyi ndiye inanyamula miyala ya Nowa pomanga guwa?"

"Konzani chabe," anatero atate aakulu.

Nayenso anayamba ndi thanki. Anatsegula, ananunkhiza, anabwezera kapulasitiki, anatseka. Atamva kuti imazima ikagwira ntchito kanthawi n'kudzuka ikapuma, anagwedeza mutu ngati wamva nkhani yakale.

"Ni koilo iyo. Ikapya imaleka kupeleka moto, ikazizila yabwelanso. Musavutike."

Anaikamo koilo ina yochokera m'galimoto yakale. Anailiza pabwalo kanthawi, inalira mokoma. Anadya nafe, anakwera njinga yake. Fumbi lake lisanatsike pa msewu, ine ndinali nditaima kale pakati pa munda ndi injini yozima.

Madzulo a tsiku lomwelo atate aakulu anabwera kunyumba kwathu. Anakhala moyang'anana ndi atate, ine ndinakhala pansi chapatali.

"Mvula sidikila munthu," anatero. "Anzathu a ng'ombe adzala kale. Ife tikupempha chitsulo kuti chitichitile chifundo. Ng'ombe ikadwala ndimaiona m'maso, ndimadziwa chochita. Ikafa timadya. Ichi chikafa tidya matayala?"

Ananena kuti wamalonda wina wa ku boma ankaifuna kalekale kuti aiphwasule agulitse zitsulo zake, ndipo anavomera kupereka ng'ombe ziwiri zolima, zophunzitsidwa kale. Iwo anali ataziona ndi maso. Lole idzabwera Loweruka m'mawa.

Atate anangopukusa chipewa m'manja. Wamng'ono satsutsa mkulu wake pa katundu wa bambo wawo, makamaka wamng'ono amene sangathenso kuyendetsa. Ine ndinkadziwa kuti mawu a atate aakulu anali ndi nzeru. Ndinkadziwanso kuti thalakitala ikapita, ndiye kuti yafera m'manja mwanga, itatha zaka zonsezo m'manja mwa anthu ena.

Atate aakulu atachoka, atate anati, "Ija si koilo."

"Nanga n'chiyani?"

"Injini yosowa moto imazima ngati nyali yauzilidwa. Ija imayamba yapempha, yapempha. Ikufa ndi njala."

"Koma petulo alimo m'thanki, adada."

"Ndikudziwa. Ndicho chikundisowetsa tulo."

Lachinayi ndinawagwira dzanja mpaka kumunda kwathu, ndinawakhazika pansi pa mtengo wa mango, ndinayamba kulima ndikuwerenga mizere. Petulo anali atatsika kufika pakati pa thanki. Inalima mizere isanu ndi inayi isanatsokomole. Ndinaganiza kuti ikuchira. Ndinathiramo petulo yense wotsala m'chigubu, thanki inakwera pafupi kudzaza. Inalima itatu n'kuzima.

Ndinakhala pa tayala ndikuganiza. Chinthu chofa ndi njala chimayenera kulimba chikakhuta. Ichi chinkafooka msanga chikakhuta. Ndinawauza atate, anangokanda ndevu.

Lachisanu ndinaganiza zosintha chinthu chimodzi chokha. Masiku onsewo ikazima, wina ankathamangira kutsegula thanki. Tsiku limenelo itazima sindinakhudze kalikonse. Tinadikira mpaka injini inazizira, yoti ndikhoza kuikapo tsaya. Ngati makanika ananena zoona, inayenera kudzuka. Ndinaliza. Inagwira pang'ono, inatsokomola kawiri, inafa.

Kenako ndinatsegula chivindikiro pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Ndinamva psii. Phokoso limenelo ndinali nditalimvapo kale, ndipo linkandisangalatsa, chifukwa ndinkaganiza kuti ndi mpweya wa petulo umene ndautsekera kuti usathawe. Koma nditayang'ana kapulasitiki kaja, sikanatukumuke kunja. Kanali katamira m'kati mwa khosi la thanki ngati kambale. Mpweya sunkatuluka, unkalowa. Ndinasuzumira kagalasi ka pansi, ndinaona petulo akutsika kudzaza malo amene anali opanda kanthu.

"Adada, kapulasitiki kamila m'kati."

"Kapulasitiki kati?"

"Ka pansi pa chivindikilo."

Atate anatembenuza nkhope kwa ine. "Anaikapo ndani?"

Ndinaikapo ndine. M'chilimwe ndinaona kuti kalabala ka m'chivindikiro kadyeka, ndipo pakhosi pa thanki pankanyowa. Petulo amachokera kutali, pa njinga, ndi thukuta. Ndinachita zimene aliyense kwathu amachita ndi chigubu cha mkaka, cha mafuta ophikira kapena cha palafini asanachimange pa keliyala ya njinga: ndinadula paketi ya shuga, ndinaipinda pawiri, ndinaiyala pakamwa pa thanki n'kutseka mwamphamvu. Pa maulendo aafupi otuta manyowa sizinaonetse vuto. Atate aakulu anakagwira kapulasitikiko kambirimbiri, makanika anakagwiranso, ndipo aliyense anakabwezera mosamala, chifukwa ndi mmene munthu wanzeru amatsekera chinthu. Munthu mmodzi yekha amene akanakachotsa n'kukataya anali wosaona.

"Tembenuza chivindikilo," anatero atate. "Pakati pali kabowo. Kafune ndi munga."

Ndinakapeza, kakang'ono ngati diso la singano.

"Ndiyo mphuno yake. Petulo akamatsika, mpweya uyenela kulowa. Iwe unaitseka mphuno n'kumaiuza kuti ilime." Anayamba kuseka, anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chipewa. "Sabata yathunthu! Amuna atatu ndi masipanala, kugonja kwa pepala la shuga!"

Ine sindinaseke. Ndinataya kapulasitikiko, ndinalima mizere khumi ndi iwiri osamva chifuwa, kenako ndinazimitsa ndekha kuti ndisunge petulo.

Ndinawapeza atate aakulu ku khola akupopera ng'ombe zawo za mkaka mankhwala a nkhupakupa. Ndinanjuta pafupi ndi chipata, ndinadikira kuti andione.

"Adada, thalakitala ija ndapeza..."

"Lachiwili unapeza. Lachitatu makanika anapeza. Lelo wapezanso."

"Koma lelo..."

"Mawu ndinapeleka kale kwa munthu. Ine sindine mwana wobweza mawu. Mawa uichotse pulawo, uitsuke, isapite ndi matope."

"Yewo, adada."

Ndinanyamuka. Njira yonse yobwerera kunyumba "yewo" ameneyo ankandiwawa m'kamwa. Ndinali nditavomera kuti chinthu chamoyo chikaphwasulidwe chifukwa cha kulakwa kwanga, ndipo ndinavomera mwaulemu.

Loweruka kutangocha sindinachotse pulawo. Ndinaliza injini. Atate anatuluka atafunda bulangete.

"Ukupita kuti?"

"Kumunda kwa adada aakulu."

"Akutuma?"

"Yayi."

Ndinkayembekeza kuti andiletsa, ndipo sindikudziwa chimene ndikanachita.

"Kumunsi kuja kuli dongo," anatero. "Usazamitse pulawo."

Ndinayambira pamene tinalekera Lachitatu. Dzuwa litakwera pang'ono ndinali nditadutsa theka la munda. Ndinaona lole ikuima kumsewu, ndipo posakhalitsa atate aakulu anatulukira ndi wamalonda uja, munthu wonenepa wa malaya oyera. Kumbuyo kwawo kunali anthu a m'mudzi amene anabwera kudzathandiza kukankhira thalakitala pa lole.

"Zimitsa!" anakuwa atate aakulu ndili kumapeto kwa mzere.

Ndinawamva bwinobwino. Ndinakweza pulawo, ndinakhota, ndinaitsitsanso, ndinalowa mzere wina. Chibadwire ndinali ndisanapatsepo munthu wamkulu msana akulankhula.

Pobwerera ndinawapeza ataima mu mzere momwemo, ndodo ili m'manja. Ndinaponda kilachi, ndinaima patsogolo pawo. Injini sindinazimitse.

"Wagontha?"

"Ndamva, adada."

"Tsika."

"Sinditsika."

Mayi wina anagwira pakamwa.

"Wati bwanji?"

"Sinditsika, adada. Thalakitala ilibe mlandu. Wolakwa ndine. Ndinatseka kabowo ka mpweya ndi pulasitiki, petulo sankatsika. Ndachotsa. Kuyambila m'mawa sinazime. Ngati pali chokweza pa lole, kwezani ine."

Wamalonda anaseka. "Iwe ndingakugulitse kwa ndani? Ulibe na nyama."

Ena anaseka nawo, koma atate aakulu ayi. Nkhope yawo inali itauma.

"Pulasitiki," anatero. "Ufuna kundiuza kuti ine, ndi imvi izi, ndinalephela kuona pulasitiki?"

"Munaiona, adada. Munaibwezelapo ndi manja anu kasanu ndi kawili Lolemba lokha."

Sindinafune kunena zimenezo. Zinatuluka zokha, ndipo zitatuluka sindinazibweze. Ndinawayang'ana m'maso. Ndinaona kuti akukumbukira.

"Amdala," anatero wamalonda, "ine nabwela na lole, dizilo wapsa. Tinapangana."

"Tinapangana za thalakitala yakufa," ndinatero.

"Iwe, chete!" anakuwa atate aakulu. "Ukulankhula ndi mlendo wanga." Anayang'ana munda wolimidwa, anayang'ana wotsala, anayang'ananso wamalonda. Anali pakati pa mawu awo ndi maso awo. Kenako anachoka mu mzere.

"Maliza munda. Ikatsokomola kamodzi kokha usanamalize, ikwela lole, ndipo sindifuna kumvanso liwu lako. Mwamva nonse?"

Anthu anavomera. Wamalonda anayang'ana kumwamba, anakweza mapewa, anakakhala pa chitsa.

"Izima mu half hour," anauza woyendetsa lole. "Tsitsa mapulanga."

Ndinalima. Sindinayang'ane anthu, ndinayang'ana tayala lakutsogolo ndi mzere. Khutu linali pa injini. Kumunsi kwa dongo inalemedwa, inabuula, ndinakweza pulawo pang'ono, inadutsa. Theka la ola linatha, ola linatha. Ena anatopa n'kupita kuminda kwawo, ena anabwera. Atate anafika atagwidwa dzanja ndi amayi, anakhala kumapeto kwa munda.

Chimene sindinauze aliyense n'chakuti petulo ndinalibe wina. Amene anali m'thanki ndi yemweyo wa Lachinayi, ndipo ndinali nditamudyako kale Lachisanu. Mzere uliwonse ndinkawerengera m'mutu.

Kutatsala mizere ngati isanu, inaphonya. Pa-pa, phu. Inatsokomola, inagwedezeka, inazima.

Wamalonda anaimirira akukung'untha thalauza. "Basi! Anyamata, mapulanga!"

Sindinatsike pa mpando. Atate aakulu anabwera pang'onopang'ono.

"Wamva chimene ndinanena."

"Ndinamva. Viikani ndodo, adada."

"Usandiphunzitse."

"Viikani chabe. Ikatuluka yonyowa, ndiikweza ndekha pa lole."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula chivindikiro. Panalibe psii. Anachitembenuza, anachiyang'anitsa padzuwa mpaka anakaona kabowo kaja. Anaviika ndodo yawo mpaka inagunda pansi, anaitulutsa. Inali youma, kunsonga kokha kunali kachinyezi.

"Mwanena nokha, amdala," anatero wamalonda. "Kutsokomola kamodzi."

Atate aakulu anamuonetsa ndodoyo. "Ng'ombe zanu zija, zikalima kuyambila m'mawa osadya, n'kugona mu mzele, mumati zadwala?"

"Izo ni zina."

"N'chimodzimodzi. Ichi chalima munda wanga wonse pamaso panu. Ndinakulonjezani chakufa, chakufa ndilibe. Za ulendo wanu tikambilana kunyumba ngati akuluakulu, simubwelela manja opanda kanthu."

Wamalonda anadandaula, anatchula dizilo kawiri, koma ankaoneka kuti wadziwa kuti malonda afa. Anandiloza ndi chala. "Iwe mufana, ukafuna nchito usabwele kwa ine. Ungandiphe na BP."

Atate aakulu anatuma munthu kukatenga petulo wa njinga yamoto kwa mphunzitsi wa pafupi, botolo limodzi lalikulu. Ndinamaliza mizere isanu ija lole itapita kale.

Nkhani sinathere pomwepo. Lamulungu titachoka ku tchalitchi atate aakulu anandiitana pabwalo pawo, atate ali pomwepo. Anati thalakitala ikhala, koma mwana amene wayankha mkulu pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mudzi salekedwa choncho. Anandilipiritsa tambala. Ndinakagwira wanga wofiira, amene ndinkamusunga kuti ndidzagulitse pa Khisimasi, ndinagwada, ndinamupereka ndi manja awiri.

"Ulibe mawu?" anafunsa.

Ndinadziwa mawu amene ankafuna. Ndinawafunafuna m'kati mwanga.

"Ndapepesa chifukwa cha pulasitiki, adada. Ndinakutayitsani sabata ya mvula."

"Nanga zinazo?"

Pa zinazo sindinapepese. Atate anatsokomola pang'ono. Tambala anakupiza mapiko m'manja mwa atate aakulu, iwo anamupanikiza m'khwapa.

"Mwana uyu mwamulela bwanji?" anafunsa mng'ono wawo.

"Ngakhale ine ndamudziwa dzulo," anatero atate.

Atate aakulu anapukusa mutu. Anandiuza kuti mawa ndiyambe munda wa azakhali anga amasiye, kenako wathu, ndipo ndisachedwe chifukwa kumwamba kwayamba kuda. Kwa milungu iwiri sanandipatse moni, ankangotuma uthenga kudzera kwa amayi. Ine ndinkapita kumene andituma n'kukalima.